Mafilimu a manesi ndi madokotala a kunkhondo, ndi ati amene akunena zoona?

NaPhiri wa ku Chilinde analemba:

Moni nonse abale anga. Ndabwera ndi nkhani ya mng'ono wanga, chonde ndithandizeni nzeru. Mwanayu ndamulera ndine chimwalirireni mayi athu, pano ali chaka chomaliza kukoleji ya unamwino ndipo mkalasi amakhoza bwino ndithu, koma kuyambira holide yapitayi wayamba kunena kuti iye akamaliza akufuna akalowe usilikali, akakhale nesi wa asilikali, ndipo mwayi ukadzapezeka adzapite nawo kunja kumene anyamata athu amapita kukasungitsa mtendere. Nditamufunsa kuti kodi iwe maganizo amenewa wawatola kuti, anangotulutsa foni nkundionetsa filimu ya chiKoreya ija ya Descendants of the Sun, anakaikitsa kwa anyamata ootcha mafilimu pamsika paja.

Nde tinaionera limodzi magawo onse 16, tsiku lililonse tikatha kudya nsima yamadzulo, foni titaitsamiritsa pa fulasiki. Sindikunamizeni, nanenso inandigwira mtima. Pali pena paja chivomerezi chagwetsa malo opangira magetsi anthu atsekeredwa pansi pa zipupa, dokotala wamkazi uja akuthyola zidendene za nsapato zake kuti azitha kuyenda msanga pakati pa ovulala, ine pamenepo misozi inalengeza. Koma nditakagona ndinayamba kuganiza kuti kodi kunkhondo nkotero eti? Anthu tsitsi lili bwinobwino, yunifomu yosita, kaputeni wooneka bwino akungotulukira nthawi iliyonse imene mtsikana ali pamavuto. Dziko lakenso lomwe akuti Uruk ndi longopeka.

Ine sindikufuna kumuletsa ayi, ndi moyo wake ndipo ntchito yopulumutsa anthu ndi yaulemu. Chimene ndikuopa nchakuti angasankhe ali mtulo. Nde funso langa nali, mwa mafilimu a pa TV amene amaonetsa madokotala ndi manesi a kunkhondo, ndi ati amene akuyandikirako ku zoona? Ndikufuna tikhale pansi tionere limodzi ngati mmene tinachitira ndi inayi, kenako ticheze. Makamaka ngati muli wina muno amene anagwirako ntchito yachipatala kapena yausilikali, mawu anu ndiwamvera kwambiri.

Bambo a Tadala, Leeds anayankha:

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanamukalipire mwanayo, ambirife tikanangoyamba nkukuwa. Ine ndikuti yambani ndi M*A*S*H. Ndi yakale, zithunzi zake siziwala ngati za masiku ano, ndipo poyamba muona ngati ndakusocheretsani chifukwa ndi yoseketsa, koma pirirani magawo angapo.

Ine ndinaidziwa mochedwa, nditabwera kale kuno ku UK. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nde panali gogo wina wamwamuna amene madzulo aliwonse ankafuna ndimukankhire wilitcheya yake pafupi ndi TV nthawi ya M*A*S*H ikakwana, poti kuno matchanelo ena amaibwerezabe. Masiku oyamba ndinkangoima kumbuyo kwake ndikupinda matawulo. Kenako ndinazindikira kuti gogoyu poseka amaseka ndithu mpaka kutsokomola, koma mahelikopita akangomveka mu filimumo amangoti zii, manja agwira mpando zolimba. Sanandiuzepo zambiri, anangoti ali mnyamata anamutumiza ku Korea. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya matawulo ndinayamba kukhala pansi nkumaonera naye.

Nkhani yake ndi ya chipatala cha matenti cha asilikali a America pa nkhondo ya ku Korea, ija ya 1950 mpaka 1953. Dzinalo ndi chidule cha Mobile Army Surgical Hospital, ndiye kuti chipatala cha opaleshoni chotha kusamuka, ankachimanga kufupi ndi kumene akuomberana kuti wovulala afike pa tebulo magazi asanamuthere. Zipatala zimenezi zinalikodi, ndipo amene analemba buku lomwe munachokera zonsezi mu 1968 anali dokotala wa opaleshoni amene anagwiradi ntchito pa chimodzi mwa izo, cha 8055th, ngakhale cha mu filimu anachitcha 4077th. Inayamba kuonetsedwa pa CBS mu 1972 nkudzatha mu 1983. Tangoganizani, nkhondo ya zaka 3 filimu yake zaka 11, ndipo pamene inkayamba anyamata a ku America anali adakali ku Vietnam, nde anthu poonera ankadziwa okha kuti apa akukamba nkhondo ziwiri nthawi imodzi. Gawo lomaliza la pa 28 February 1983 analionera anthu oposa 100 miliyoni ku America kokhako.

Chimene ndimaikondera ndi ichi. Madokotala aja, Hawkeye ndi anzake, amakhala akuchita zachibwana, kumwa kachasu wotcheza okha mu tenti, kuderera akuluakulu, kenako kamnyamata kaja ka mu ofesi, Radar, kamangoima nkutchera khutu, kamva mahelikopita anzake onse asanamve. Basi kuseka kwathera pompo. Timahelikopita take nting'onoting'ono, ovulala awiri awamangirira pa machira kunja, wina mbali iyi wina mbali iyo. Akalowa mu fiyeta amaima usiku wonse mpaka kucha, osati kuchita opaleshoni yokongola ayi, kungotseka pamene pakutuluka magazi, kuchotsa zonyansa, kusoka, wotsatira abwere. Opanga filimuyo anakana kuika phokoso la anthu oseka lija pa zochitika za mu fiyeta. Pali gawo lina anaika wotchi pakona pa sikirini, mphindi zikuwerengeka zenizeni pomwe akulimbana kuti apulumutse msilikali amene mtsempha wake waukulu wang'ambika. Gawo linanso kamera ndi maso a msilikali wovulala pakhosi amene sangathe kuyankhula, iwe woonerawe ndi amene wagona pa machirapo, ukungoona nkhope zikukuweramira.

Ndiye pali Henry Blake, bwana wawo woyamba, munthu wofatsa amene aliyense ankamukonda. Analandira kalata yoti abwerere kwawo kwa mkazi ndi ana, anatsanzikana naye mwansangala, kenako Radar akulowa mu fiyeta osavala ndi masiki omwe nkuwerenga uthenga woti ndege yake yaomberedwa pa nyanja ya Japan, palibe wapulumuka. Palibe amene anasiya ntchito. Misozi ikutsika kuseri kwa masiki koma manja akusokabe, poti pa tebulo pali munthu wotsegulidwa pamimba. Mng'ono wanuyo aone pamenepo. Gawo lomaliza lokha ndikuchenjezeretuni, lili ndi nkhani ya mayi ndi khanda mu basi imene ine mpaka lero pakamwa panga siituluka, musadzaonere ana ali pompo.

Sisita wa ku fiyeta anayankha:

Ndagwirizana nawo Bambo a Tadala, koma poti mwanayo ndi nesi, ine ndikuti China Beach ndi imene ingamuyankhule kwambiri. Mu M*A*S*H nkhani ndi ya madokotala aamuna, manesi ambiri ali kumbuyo kupatsira zipangizo, kupatula Margaret Houlihan amene nayenso zaka zoyamba ankangomuseka, ulemu wake anadzamupatsa mochedwa. China Beach pakati pake pali nesi, Colleen McMurphy, pa chipatala cha asilikali ku Da Nang nthawi ya nkhondo ya Vietnam. Inaonetsedwa kuyambira 1988 mpaka 1991. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa, William Broyles, anamenya nawo nkhondoyo, ndipo muli gawo lina lomwe anaitana azimayi enieni amene anali ku Vietnam, akufotokoza okha pa kamera, nkumaphatikiza ndi zochitika za mu filimu. Ku Vietnam kunapita azimayi ausilikali pafupifupi 11,000 ndipo ochuluka zedi anali manesi, ambiri atangotuluka kumene kusukulu ngati mng'ono wanuyo.

Ine ndagwira mu fiyeta zaka 14 pa chipatala china chakumudzi. Kunkhondo sindinapondeko, koma usiku wina nyengo ya dzinja lole yonyamula anthu ochokera kumaliro inagubuduzika pa mlatho, anayamba kutibweretsera pa mapikapu ndi pa ngolo, anthu oposa 20 nthawi imodzi, ife tilipo anayi okha, magazi mu filiji mapaketi awiri. Pamenepo mpamene ndinadziwa tanthauzo la mawu aja timaloweza mkalasi akuti triage, kusankha woyamba kumuthandiza ovulala akachuluka. Ukuyenda pakati pa anthu agona pakhonde, tochi uli nayo kukamwa, ukusankha. Bambo amene akukuwa kwambiri mkono utathyoka umamudutsa, chifukwa wokuwa ndiye kuti akupuma. Umathamangira mayi amene wangokhala duu, milomo yayera, mimba yauma ngati thabwa, ameneyo magazi akuthera mkati. Ndiye panali mnyamata wina wa zaka ngati 17, mutu utaphwanyika moti olo tikanamupatsa mapaketi onse awiri ndi usiku wonsewo sakanadzuka. Ndinamufunditsa bulangete nkupitirira. Mayi ake anandigwira yunifomu kumunsi kuno, akuti anesi mwana wangayu simukumuona kodi? Ndinawachotsa dzanja pang'onopang'ono nkulowa mu fiyeta ndi mayi wotaya magazi uja. Mayiyo anachira, patatha mwezi anabwera ndi nkhuku. Mnyamatayo anamwalira ndisanatuluke. Zaka zadutsa koma dzanja lija ndimalimvabe likukoka yunifomu.

Nesi wa kunkhondo usiku ngati umenewo amakumana nawo kawirikawiri, pena masiku otsatizana, ndipo ovulala ake ndi amsinkhu wake, ena anadya nawo limodzi dzulo lake. Kasankhidwe kameneka kanayambira kunkhondo komweko, dokotala wa asilikali a Napoleon, Dominique Larrey, ndi amene analimbikira kuti wovulala kwambiri athandizidwe koyamba posayang'ana kuti ndi jenerali kapena msilikali wamba. Apa ndiiyamikireko ya chiKoreya ija, pa chivomerezi paja anaonetsa bwino zizindikiro za mitundu zomangirira ovulala, chofiira, chachikasu, chobiriwira ndi chakuda, komanso dokotala wachinyamata uja akukana kusiya kupopa pachifuwa pa munthu amene wapita kale. Zimene zija nzoona, tonse tinadutsamo.

Koma mabodza amene amandipweteka mu mafilimu ambiri nawa. Amaonetsa ngati chipolopolo ukangochitulutsa nkuchiponya mu mbale kuti ngwee ndiye kuti munthu wachira. Ayi ndithu, chimene chimapha ndi njira imene chadutsa, mitsempha ndi matumbo zimene chang'amba, ndipo nthawi zambiri chipolopolocho amachisiya momwemo ngati kuchifunafuna kungawononge zambiri. Chinanso, munthu amene mtima waima chifukwa magazi athera pansi sadzuka ndi kupopa pachifuwa kokha, mulibe choti mtimawo upope. Chimene chapulumutsa asilikali ambiri ku Iraq ndi ku Afghanistan ndi kalamba kaja ka tourniquet, kumanga kumtunda kwa bala nkupotokola mpaka magazi asiye, nkulemba nthawi imene wamanga, chifukwa mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka munthu amatha mu mphindi zochepa chabe. Ndipo wovulala amamufunditsa olo kukhale kuchipululu kotentha, poti thupi likazizira magazi sagwirana. Zimenezi pa kamera sizikoma nde amangozidutsa.

Mu China Beach muli munthu wina dzina lake Beckett, ntchito yake ndi yokonza mitembo ya asilikali kuti ipite kwawo. Ndi filimu ina iti imene inamuganizirapo munthu ameneyo? Ndipo sizoni yomaliza imamutsatira McMurphy atabwerera kwawo, zaka zikupita, mowa wamugwira, za ku Vietnam sizikumuchoka mmutu pomwe anthu ena onse anaiwala kalekale. NaPhiri, mbali imeneyo ndi yanu inuyo muionetsetse, chifukwa akadzapita nkubwerako adzafikira pakhomo panu.

Mfana wa ku Cape anayankha:

Asisi NaPhiri musaiponde kwambiri ya chiKoreyayo, ambirife inatilowetsa mu nkhani zimenezi ndi yomweyo, ndipo mulinso mtsikana uja Yoon Myung-ju amene ndi dokotala wa asilikali wa nyota zake, osati wongobwera kudzathandiza. Koma zoona ija ndi ya chikondi basi, inatuluka 2016, malo okongola aja pali sitima yakale pamchenga ndi ku Greece, anthu amapitako kukajambulitsa.

Ya msinkhu wa mng'ono wanu ine ndinganene Our Girl ya BBC. Inayamba 2013, kamtsikana ka ku East London, Molly Dawes, kwawo zinthu zosayenda, sukulu inakanika, kakulowa usilikali nkukhala medic kenako ulendo wa ku Afghanistan. Medic si dokotala ayi, ndi uja amayenda ndi gulu pa patrol chikwama cha mankhwala kumsana mfuti kumanja, bomba likaphulika onse agona pansi iye ndi amene amadzuka kupita kwa wovulala. Sizoni yoyambayo ili bho zedi, umaona mantha ake, anyamata akumuderera poti ndi mkazi mpaka tsiku lomwe anakwawa pamalo okwiriridwa mabomba kukathandiza mnzake amene anaomberedwa. Kuyambira 2016 anabweretsa wina, Georgie Lane, amene amamusewera ndi Michelle Keegan, nkumapita ku Kenya, Nepal, Nigeria, koma kumeneko inayamba kupendekera ku zibwenzi ndi kubedwa ndi zigawenga, ine ndinayamba kumaithamangitsa. Afghanistan yawoyo anajambulira konkuno kufupi ndi Cape Town, mapiri ake ndinawazindikira ndisanauzidwe nkomwe.

Palinso Combat Hospital ya ku Canada, 2011, magawo 13 okha basi anaithetsa. Ndi ya chipatala cha pa bwalo la ndege la Kandahar mu 2006, chomanga ndi mapulayiwudi, a Canada ndi amene ankachiyendetsa nthawi imeneyo. Chipatala chenichenicho chinkalandira asilikali awo, ana a ku Afghanistan oponda mabomba, mpaka a Taliban ovulala, nde tangoganizani bedi ili pagona mnzako, bedi linalo pagona wa mbali imene yamuvulaza, ndipo onse uwasamale mofanana. Malamulo a Geneva a 1949 amatero. Malamulo omwewo amati chipatala chisaomberedwe, koma mu October 2015 ndege ya America inaphulitsa chipatala cha bungwe la madokotala la MSF ku Kunduz, ku Afghanistan komweko, anthu 42 nkufa, odwala ena anapsera pa mabedi. Nde mtanda wofiira uja si chishango ayi, mwanayo adziwe.

Chimene chimandiwawa ine pa mafilimu onsewa, ngakhale M*A*S*H imene madala akuitamayo, eni dziko nthawi zambiri amangokhala ngati mitengo ya kumbuyo kwa chithunzi. Wa ku Korea, wa ku Vietnam, wa ku Afghanistan, wa ku Kenya, amabwera atanyamula mwana wodwala, alira, athokoza, basi wapita, ndi dzina lake lomwe sitilidziwa. Chonsecho nkhondoyo ili pakhomo pake, alendowo akatha miyezi yawo akwera ndege iye atsala pompo. Ine ndikamaonera ndimadziona mwa mayi wonyamula mwanayo kuposa mwa kaputeni, kaya anzanga.

Sajeni wopuma anayankha:

Ndawerenga zonse. Ndimati ndingodutsa koma nkhani ya mwanayu yandikhudza. Ine ndinagwira usilikali zaka 22, ku Congo ndinapitako, pano ndikulima kwathu. Sindinali wachipatala, ndinali wa mfuti wamba, koma moyo wanga unadutsapo mmanja mwa anthu amenewa nde ndiloleni ndiyankhulepo.

Mwana wanga wamkazi anandionetsapo Our Girl pa laputopu. Zina anakhoza, makamaka mmene anyamata amadzamusamalira medic wawo akamuzolowera, ife timangomuitana kuti adokotala olo alibe digiri, ndipo chakudya chikachepa woyamba kumugawira ndi iyeyo. Kumene ndinaona kuti kwasiyana ndi ife ndi pa helikopita. Kwa iwo munthu wavulala, aimba wailesi, pang'ono pokha ndege yatera. Ku Afghanistan zinalidi choncho, a Britain ankatumiza helikopita yaikulu ya Chinook muli dokotala ndi magazi momwemo, a America anachita kuika lamulo mu 2009 kuti wovulala azifika pa opaleshoni ola limodzi lisanathe. Ku nkhalango za kum'mawa kwa Congo nkhani ndi ina. Mitengo yake kumwamba sikuoneka, mvula ikayamba ndege singanyamuke, nde munthu mumamunyamula pa machira anthu anayi, matope ofika mmawondo, kumasinthana, medic akuyenda pambali dzanja limodzi wakweza dilipu mmwamba, linalo lili pa mkono wa wodwala kumvetsera kugunda. Ine anandinyamulapo choncho, osati chipolopolo ayi, malungo. Zimenezo ndi zimene filimu singakuonetseni, ntchito yambiri ya wachipatala kumeneko ndi malungo, kutsegula mmimba, zilonda za kumapazi chifukwa cha jombo zonyowa, kukakamiza azibambo a ndevu zawo kumwa mankhwala ndi kugona mu neti, kuyendera ngati madzi athiridwa mankhwala ndi ngati zimbudzi zakumbidwa patali. Miyezi imatha choncho. Kenako likwana tsiku limodzi lokha loti zonse anaphunzira zija zifunike mu mphindi 10.

Mtsikana amene anandiika dilipu tsiku limenelo anali wamng'ono kwa mwana wanga woyamba. Manja ake sananjenjemere, anangoti a Sajeni musagone, tandiuzani mayina a ana anu. Ndinawatchula onse asanu kubwerezabwereza mpaka tinatulukira pamsewu.

Mfana wa ku Cape wanena zoona, nkhani za anthu ngati ife palibe amazijambula. Mu November 2018 kufupi ndi Beni ku Congo komweko tinataya asilikali 6 a Malawi pomenyana ndi zigawenga za ADF, nthawi yomweyonso kuderalo kuli Ebola. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete. Anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Omary, wavulala ali pamtetete zipolopolo zikugwa, anapita kukamukoka nkumufikitsa pobisika, ndipo ali mkati momupatsa thandizo loyamba mpamene iye anaomberedwa. Wa ku Tanzania uja anapulumuka. Mu May 2019 a United Nations anapereka kwa banja lake ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri umene msilikali wosungitsa mtendere angalandire. Zimandimvetsa chisoni kuti ana athu akudziwa mayina a makaputeni opeka a mu filimu koma ukawafunsa za Chitete amangokuyang'ana. Tikabwerera mmbuyo, agogo athu a KAR (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda) anafika mpaka ku Burma, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija anthu masauzande ambirimbiri a kuno anagwidwa kukanyamula katundu ngati amtengatenga, ambiri anafera mnjira ndi matenda ndi njala. Chipilala cha KAR chili pa Zomba paja timangochidutsa pa minibasi.

Mayi NaPhiri, mwanayo musamuletse, koma mumuuze izi. Akalowa adzakhala msilikali choyamba, unesi pambuyo. Adzadzuka kusanache kukathamanga, adzagwira mfuti, adzalandira malamulo kwa munthu amene mwina sukulu yake ndi yochepa kuposa yake, ndipo kumene adzatumizidwe sadzasankha yekha. Ngati zimenezo akuzivomera apite, anthu otero tikuwafuna. Komanso akadzabwerako musadzamupanikize ndi mafunso oti unaona zotani. Mudzangomuphikira nkukhala naye pakhonde. Ine zinanditengera zaka ziwiri kuti ndiyambe kuwauza mayi akunyumba, ndipo ndinayambira pa nkhani ya dilipu yomweyi.

NaPhiri wa ku Chilinde anayankha:

Abale ndawerenga kawiri, ya a Sajeni ndinachita kuimira pakati kaye kuti ndipukute mmaso. Zikomo nonse, Ambuye akudalitseni. Dzulo ndinamupatsa foni mng'ono wangayo kuti awerenge yekha, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti kodi a Sisita aja anadzaonananso ndi mayi a mnyamata uja? A Sisita ngati mungathe muyankheni chonde, akudikira. Maganizo ake sanasinthe, akuti akufunabe, koma kayankhulidwe kasintha, za kaputeni uja sakuzitchulanso. Anyamata a pamsika M*A*S*H ali nayo masizoni atatu oyamba, China Beach akuti sanaimvepo nkomwe, nde Bambo a Tadala ngati kumeneko ma DVD ake amapezeka tiuzeni mtengo, pali msuweni wathu akubwera pa Khirisimasi angatitengere. Tiyamba Loweruka likubwerali magetsi akakhalapo.

Sisita wa ku fiyeta anayankha:

Muuzeni kuti eya, ndinaonana nawo kamodzi, patatha chaka ndi miyezi. Anabwera ndi mdzukulu kusikelo, ine ndikudutsa ndi thireyi ya zipangizo. Anandizindikira, inenso ndinawazindikira. Ndinaika thireyi pansi tinapatsana moni wa manja awiri, anandifunsa za kunyumba, ndinawafunsa za kumunda, akuti chimanga chaka chimenecho chinachita bwino. Za usiku uja palibe anaziyamba. Kamwanako ndinakanyamula pang'ono, kanali kolemera bwino, anakapatsa dzina la malume ake aja.